Musanatenge galainda n'kudula felemu

Mpaka cha m'ma 1950, njinga zamoto zambiri zinkatuluka m'fakitale zopanda mashoko kumbuyo. Gudumu linkamangidwa pa felemu penipeni, wokwera n'kumadalira timasipuling'i ta pansi pa chishalo. Kampani ya Harley-Davidson inaika mashoko kumbuyo kwa njinga zake zikuluzikulu mu 1958, pa mtundu wa Duo-Glide. Koma filimu ya Easy Rider ya mu 1969 inachititsa ambiri kusirira njinga yaitali, yotsika, youma kumbuyo, imene ku America amaitcha hardtail. Mpaka lero eni ake a njinga za Sportster ndi Yamaha XS650 amadula kumbuyo kwa felemu n'kuwotchererapo mapaipi osagwedera.

Kukongola kwake sindikukana ayi. Chondidetsa nkhawa ndi mnyamata amene waona zimenezi pa YouTube, n'kukankhira njinga yake kwa wowotcherera mageti ndi mawindo, kuti, "Bwana, mundidulire apa."

Amene amaidziwa ntchitoyi sadula felemu isanamangidwe pa chimango choigwira kuti isapotoke. Polumikiza, amalowetsa kachitsulo kokwana bwino m'kati mwa mapaipi onse awiri, amaboola timabowo m'mbali n'kuwotchereranso mmenemo, kuti mphamvu isathere pa mzere umodzi. Wa mageti uja amangogunditsa paipi ndi paipi, kuyeza ndi diso, moto n'kuuika waukulu. Paipi ya felemu ndi yopyapyala. Moto ukachuluka imafooka m'mphepete mwa chowotchereracho, ukachepa chitsulo chimangomatika pamwamba osalowerera. Kenaka galainda isalaza, penti yakuda ikwirira, njinga ituluka ikuwala.

Masiku oyamba mnyamata angodandaula msana. Kenaka aona tcheni ikudya mano a sipuloketi mbali imodzi, tayala likutha chopendekeka, njinga ikukokera kumbali akangofewetsa manja pa chiwongolero. Ekiselo inapotoka pang'ono chabe tsiku lodula lija, ndipo palibe sipanala yoti ingawongole zimenezo.

Choopsa kwambiri sichioneka. Kugunda konse kumene mashoko ankameza tsopano kukufikira pa zowotcherera zija, bampu lililonse, dzenje lililonse. Chitsulo chimatopa monga waya amene mukumupinda uku ndi uku. Kamng'alu kamayamba kochepa ngati tsitsi pansi pa penti, kamakula mwakachetechete, ndipo chizindikiro chake mwina ndi kamzere ka dzimbiri basi. Felemu sithyoka njinga itaima pakhonde. Imathyoka pamene katundu wachuluka ndi liwiro lakwera, kapena mutanyamula munthu.

Ngakhale felemu italimba, gudumu lopanda mashoko limadumpha pa mabampu, ndipo tayala limene lili m'malere siligwira buleki, silikhotanso. Pa misewu yathu yafumbi, kapena ya tala yodzaza maenje, zimenezi zimachitika mphindi iliyonse. N'chifukwa chake ndimanjenjemera ndikaganiza za wa kabaza amene angayesedwe kuika zitsulo zouma m'malo mwa mashoko otha kuti azisenza matumba ambiri.

Ku Germany njinga yosinthidwa chotere siloledwa pamsewu akatswiri oyendera magalimoto, monga a TÜV, asanaivomereze. Ku Britain, mpaka 2025, kudula felemu kunkatha kuchititsa kuti njinga ilembetsedwenso ngati ina. Harley-Davidson yomweyo, pofuna maonekedwe akalewo mu 1984, inatulutsa Softail: kunja ioneka youma, koma mashoko anabisidwa pansi, akugwirabe ntchito yawo.