PHUNZIRO: LUMBIRO LIMENE LIDATSEKA ANA PAKAMWA

Mkristu aliyense adaphunzira ali mwana kuti ayenera kulemekeza ansembe ndi kumvera akulu a Eklezia. Chiphunzitso chimenechi nchabwino ndithu. Koma pali funso limene anthu safunsa kawirikawiri: kodi Mkristu achite chiyani ngati munthu woyenera ulemuyo ndiye ali kuononga ana? Phunziro lino liyankha funsoli ndi mbiri ya wansembe wina wa ku Mexico, dzina lake Marcial Maciel. Mbiriyi njochititsa manyazi, koma Roma mwini adaivomera poyera, ndipo kuibisa sikungapindulitse munthu.

MUNTHU WOTAMANDIDWA

Maciel adabadwa m'chaka cha 1920. Mu 1941, asanalandire nkomwe unsembe, adayambitsa ku Mexico City chipani chimene chidadzatchedwa Legionarios de Cristo, ndiye kuti Asilikali a Kristu. Chipanicho chidakula msanga, nichimanga maseminale ndi masukulu m'maiko ambiri. Anthu achuma adapereka ndalama zao, ndipo makolo adapereka ana ao aamuna, ena a zaka 11 kapena 12, kuti akaphunzire unsembe ku Spain ndi ku Roma, kutali ndi kwao. Onse m'chipanimo ankamutcha Bambo Wathu. Ngakhale Papa John Paul II adamyamika poyera mu 1994 monga mtsogoleri wabwino wa achinyamata.

Pamene dziko linali kumtamanda chotero, iye anali kuchita zonyansa ndi ana amene makolo adamsungiza. Ena mwa anawo atakula adachita umboni kuti ankawaitana ku chipinda chake nadandaula kuti ali kudwala, nawanamiza kuti Papa Pius XII adamlola kuchita zoterozo chifukwa cha matendawo. Ena ankawakhululukira yekha pambuyo pake, motero nasandutsa sakramenti la Kulapa chida chobisira tchimo lake.

CHIFUKWA NINJI ANAWO SADANENE?

Apa ndipo pali phata la phunziro lino. Kuonjeza pa malumbiro atatu a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, a m'chipanimo ankachitanso lumbiro lina lapadera: kuti sadzanena konse choipa cha mkulu wao, ndi kuti akamva mnzao ali kutero adzamneneza. Kunja lumbiroli linkaoneka ngati la chikondi ndi kudzichepetsa, koma kwenikweni linali mpanda wotchinjiriza wolakwa. Mwana wolakwiridwa ankakhulupirira kuti akaulula achimwira Mulungu.

Mu 1956 Roma adamva mbiri zoipa, naimitsa Maciel pa udindo wake, natumiza ansembe ofufuza. Anyamata atafunsidwa adakana zonse. Patapita zaka, ena a iwo adaulula kuti adanama chifukwa cha lumbiro lija. Tsono mu 1959 Maciel adabwezedwa pampando, napitiriza ntchito yake yoipa.

ZAKA ZA KUCHEDWA

Mu 1976 wansembe wina amene adachoka m'chipanimo adalemba kalata yofotokoza zimene zidamchitikira ali mwana. Kalatayo idatumizidwa ku Roma, koma sidayankhidwe. Mu 1997 nyuzipepala ya ku America, Hartford Courant, idasindikiza umboni wa amuna angapo amene kale adali m'chipanimo, ndipo mu 1998 iwo adasuma mlandu ku Roma. Akristu ambiri a mtima wabwino adawayesa adani a Eklezia ndi anthu a nsanje.

Mu Meyi 2006, nthawi ya Papa Benedict XVI, Maciel adauzidwa kuti aleke ntchito zonse zapoyera, akhale m'mapemphero ndi m'kulapa. Kuyambira pa kufufuza koyamba kuja padapita zaka 50. Adamwalira mu Januwale 2008 osaimapo pa bwalo la milandu. Pambuyo pake kudadziwika kuti adaberekanso ana mwa akazi mobisa. Lumbiro lija lidathetsedwa, ndipo mu 2010 Roma adalengeza poyera kuti zochita zake zinali zoipa kopambana, zina mwa izo milandu yeniyeni. Mu Disembala 2019 chipani chomwecho chidavomera kuti kuyambira 1941 ansembe ake 33 adaipitsa ana 175, ndi kuti Maciel yekha adaipitsa osachepera 60. Ena mwa ansembewo adachitidwa choipa chomwecho ali ana m'chipanimo. Umo ndimo tchimo lobisidwa limaberekera linzake.

CHIMENE MBIRIYI IPHUNZITSA

Poyamba: kumvera kwa Chikristu kuli ndi malire. Palibe wansembe, mbusa, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo uliwonse amene ali ndi mphamvu yolamula mwana kuchita choipa kapena kuchibisa. Lonjezo lobisa tchimo lotere silimanga munthu pamaso pa Mulungu.

Kachiwiri: ntchito zazikulu siziyeretsa mwini wake. Masukulu a Maciel adalipodi, ndipo ansembe ambiri a m'chipanimo adali anthu oona mtima amene nawonso adanyengedwa. Koma mbiri yabwino ya munthu si umboni wakuti mwana ali kunama.

Kachitatu: wonyazitsa Eklezia ndi iye wochita choipacho pamodzi ndi wochibisa, woulula amuchiritsa. Pa Mateo 18 Ambuye Yesu adachenjeza wophunthwitsa ana ndi fanizo loopsa la mwala wa mphero, ndipo sadapatulepo munthu chifukwa cha udindo wake.

LAMULO LA EKLEZIA LERO

Mu 2019 Papa Francis adapereka lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi, nalikhazikitsa kotheratu mu 2023. Lamuloli likhudza dayosizi iliyonse pa dziko lapansi. Liti dayosizi ikhale ndi malo odziwika kumene munthu aliyense angakanene mlandu wotere. Liti wansembe, mbulazala kapena sisitere amene wamva za choipachi kunja kwa Kulapa ayenera kukanena kwa akulu a Eklezia. Liletsanso kumlanga wonenayo kapena kumlamula kuti akhale chete. Pa milandu iyi Eklezia ayesa mwana aliyense wosafika zaka 18. Ndiponso kunena kwa Episkopi sikulowa m'malo mwa kunena kwa apolisi, pakuti kuipitsa mwana ndi mlandunso pa lamulo la Boma.

Tsono mphunzitsi amene mwana wamuululira zotere amvetsere modekha, asamkalipire, asamlonjeze kuti adzasunga chinsinsi, ndipo asayese kuthetsa nkhaniyo m'nyumba ndi chipepeso. Amuuze mwanayo kuti tchimolo si lake, akanene tsiku lomwelo. Pophunzitsa kapena pokonzekeretsa otumikira Misa, wamkulu asadzitsekere yekha ndi mwana m'chipinda. Makolo nawonso aphunzitse ana ao kuti palibe chinsinsi chimene mwana ayenera kubisira amai ake. Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi lumbiro lija lidathandiza yani, ndipo lidapweteka yani?
2. Chifukwa ninji Akristu abwino adakana umboni wa olakwiridwa?
3. Mwana wa m'parishi muno atafuna kuulula lero, angapite kwa yani? Kodi iye adziwa?