Kutsitsimutsa Mwana Womira M'madzi

Ife a kwa Nyachikadza tidabadwira pakati pa madzi. Kuti tikafike ku boma la Nsanje tiyenera kuoloka Shire pa bwato, ndipo madzi akasefukira, monga adachitira mu 2015 ndi 2023, ulendowo utalika koposa. Tsono mwana akamira, kodi adzadikira dokotala? Iyayi anzanga, dokotala wake ndinu amene mwamvuula.

Poyamba fuulani kuti anthu abwere. Gonekani mwanayo chagada pamalo pouma, ndipo tukulani chibwano chake pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke. Ikani tsaya lanu pafupi ndi pakamwa pake, maso ali pachifuwa, kwa masekondi 10. Ngati sapuma, tsinani mphuno yake ndi kuuzira mpweya m'kamwa mwake kasanu, mukuona kuti chifuwa chikukwera. Pamenepo ikani chikhatho pafupa la pakati pa chifuwa, musindikize kolimba ka 30, pafupifupi kawiri pa sekondi, ndi kuuziranso kawiri. Bwerezani chomwecho osaleka. Kwa khanda zala zazikulu ziwiri za m'manja zikwanira, manja atazungulira chifuwa.

Kwathu ambiri amamzondotsa mwanayo kapena kumfinya pamimba kuti asanze madzi. Akuluakulu ndiwalemekeza, koma uku n'kutaya nthawi, pakuti ubongo wosowa mpweya uonongeka m'mphindi zowerengeka.

Akayamba kupuma mgonekeni cham'mbali, mumvule zonyowa, mumfunditse, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale aoneke bwino. Aphunzitsi athu, chonde tiitanireni a Red Cross adzatiyesetse zimenezi pa chidole.