PHUNZIRO 7: MOWA, LAMULO NDI UDINDO WATHU

Cholinga

Tidziwe amene amapanga mowa umene umagulitsidwa pakati pathu, tanthauzo la laisensi, ndi zimene ife ngati nzika komanso ngati Akhristu tingachite.

Mau oyamba

Tonsefe tidziwa mmene pamsika wa Mitundu kapena pa Nathenje pamakhalira fodya akagulitsidwa ku Kanengo. Mabala amadzaza kuyambira mmawa. Ena amamwa wa m'botolo, ena Chibuku, ena masese kapena kachasu kuseri kwa nyumba. Pofika nyengo yogula feteleza, mabanja ambiri alibe kanthu. Kawirikawiri timangodzudzula womwayo. Lero tiyang'anenso kumene mowawo uchokera ndi malamulo amene amaulondera.

Kodi amapanga mowa ndani?

Makampani okhala ndi chilolezo cha boma ali m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la ofulula. Fakitale ya Carlsberg idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, ndipo idali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa dziko la Denmark. M'chaka cha 2016 kampani ya Castel ya ku France idagula gawo la Carlsberg. M'gulu lomweli muli kampani ya Chibuku imene imafulula mowa wonga masese athu, koma m'makina, nkuuthira m'mapaketi.

Gulu lachiwiri ndi la otcheza mowa waukali. Malawi Gin amene adatchuka ndi kunja komwe adachokera ku kampani ya Malawi Distilleries. Ku Dwangwa kuli kampani ya Ethco, yomwe idayamba mu 1982, imene imatcheza spiriti kuchokera ku zotsalira popanga shuga.

Gulu lachitatu ndi la opanga vinyo. Awa ngochepa kwathu kuno. Mu mzinda wa Lilongwe muli kampani ya Linga imene imapanga vinyo wa zipatso monga jambula ndi magwafa.

Kunja kwa magulu atatuwa kuli amai ndi abambo a m'midzi mwathu ofulula masese ndi kutcheza kachasu. Ambiri alibe chilolezo chilichonse, ndipo palibe amene amayesa mowa wawo.

Laisensi ithandiza chiyani?

Choyamba, wopanga mowa adziwike dzina lake ndi kumene ali, kuti zinthu zikalakwika tidziwe womufunsa. Chachiwiri, bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, liyenera kuyesa mowawo ndi kuona ukhondo wa pafakitale. Chachitatu, kampani ilipire msonkho ku bungwe la MRA, ndipo ndalamazo nza tonsefe: za mankhwala, masukulu ndi misewu. Wogulitsa naye, kaya ndi wa bala kapena wa botolositolo, ayenera kutenga laisensi ku khonsolo, kutsata nthawi yotsegulira ndi yotsekera, ndi kusagulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18.

Kufunika kwa kuyesa mowa tikuona pa zimene zidachitika ku Chitima m'chigawo cha Tete, kwa anansi athu a ku Mozambique, amene timachita nawo malire kuseri kwa phiri la Dzalanyama. Mu Januwale 2015 anthu 75 adamwalira atamwa mowa wofulula pamudzi pa tsiku la maliro. Poyamba anthu ankati wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayesa adapeza kuti chiphe chidachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tidamera mu ufa woonongeka ndi chinyontho. Mai wofululayo naye adali mmodzi mwa omwalira. Padalibe mfiti, udali ufa woipa.

Zimene laisensi singachite

Tisanamizidwe kuti mowa wa laisensi suononga. Tikumbukire masacheti. Ambiri ankapangidwa ndi makampani odziwika, koma chifukwa cha kutsika mtengo ndi kuchepa kwa paketi, ana asukulu ankawabisa m'matumba ndipo akabaza ankamwa ali pantchito. Dziko la Zambia lidaletsa masacheti, amene kumeneko ankati tujilijili, mu 2012. Boma lathu lidawaletsa mu 2015, mipingo, mafumu ndi mabungwe atadandaula kwa nthawi yaitali. Mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoyendetsera nkhani za mowa. Apa tiphunzirapo ziwiri. Kampani imafuna phindu, ndiye payenera kukhala woiyang'anira. Komanso anthu wamba akalankhula pamodzi mosatopa, lamulo limasintha.

Nanga ofulula a m'mudzi?

Pano pafunika chilungamo. Mai amene amatcheza kachasu nthawi zambiri ndi mkhristu mnzathu, mwina wamasiye, amene akufuna fizi ya mwana. Kumunyoza sikudyetsa ana ake. Komabe tinene zoona: mphamvu ya kachasu palibe aidziwa, ena amathiramo zinthu zoopsa kuti akalipe, ndipo kutcheza kumadya nkhuni zambiri. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe ndi madzi a m'madamu a ku Malingunde, yavutika kale ndi makala. Tikafuna kuti mai uja asiye, tiyambe tamuthandiza kupeza njira ina, monga banki mkhonde, dimba la tomato kapena kuweta nkhumba.

Chikhulupiriro chathu chikuti chiyani?

Tiwerenge Yohane 2:1-11 ndi Aefeso 5:15-20. Mpingo sunena kuti chakumwa pachokha ndi tchimo: Ambuye adapereka vinyo pa ukwati wa ku Kana, ndipo vinyo timamugwiritsa ntchito pa Misa. Choipa ndi kuledzera, kumene kumalanda munthu nzeru, banja chakudya, ndi mai mtendere. Wogulitsa mowa kwa mwana kapena kwa munthu woledzera kale ali ndi mlandu pamaso pa lamulo ndi pamaso pa Mulungu.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'mudzi mwathu muli malo angati ogulitsira mowa? Ndi angati ali ndi laisensi? Alipo oyandikana ndi sukulu kapena tchalitchi?
2. Pa ndalama za fodya kapena mtedza za chaka chatha, banja lathu lidaononga zingati pa mowa?
3. Tingawathandize bwanji a mumphakati mwathu amene amadalira kachasu kuti adye?

Zoti tichite

Tisankhe anthu atatu, mmodzi akhale mai ndi wina wachinyamata, akakumane ndi a Gulupu, khansala ndi komiti ya chitukuko ya mdera lathu. Akapemphe kuti pakhale malamulo a mdera onena za nthawi yotsekera mabala ndi kuteteza ana. Tikaona mowa wopanda dzina la kampani kapena chizindikiro cha a miyezo, tisagule, ndipo tikauze apolisi kapena a khonsolo. Anthu atatuwo adzatiuze zimene ayankhidwa pa msonkhano wa mwezi wamawa.