ACROPORA: TINYAMA TOMANGA MATANTHWE M'NYANJA

Munthu akaona chithunzi cha korali amayesa ndi chitsamba kapena mwala. Chikhalirecho korali ndi gulu la tinyama tating'onoting'ono totchedwa ma polyp. Kanyama kalikonse kamatenga laimu m'madzi a mchere nkudzimangira kachigoba kolimba. Tinyamato tikafa, ana ake amamanga pamwamba pa zigobazo, ndipo pakapita zaka mazanamazana pamaoneka thanthwe lalikulu pansi pa nyanja. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe makorali popeza madzi ake alibe mchere, koma ku gombe la Mozambique, monga ku Bazaruto ndi ku Quirimbas, aliko.

Mwa makorali omanga matanthwe, banja la Acropora ndilo lili ndi mitundu yambiri, yoposa 100. Dzinali ndi la Chigriki: akron ndi nsonga, poros ndi kabowo, chifukwa pa nsonga ya nthambi iliyonse pali kanyama kotsogolera kukula. Anzathu okonda Chilatini aonapo phindu apa: Acropora cervicornis ndi ya "nyanga za mbawala" (cervus, cornu), pamene Acropora palmata ili ndi nthambi zotambasuka ngati chikhatho. Mitundu iwiriyi imapezeka ku Caribbean. Mitundu ina nthambi zake zimatalika masentimita 10 kapena kuposa pa chaka, liwiro lalikulu ndithu kwa korali.

Chinsinsi cha liwiroli ndi ubwenzi. M'thupi la kanyamako mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zotchedwa zooxanthellae. Nderezo zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa nkugawirako kanyamako, iko nkumazipatsa pokhala. Ndiye chifukwa chake Acropora imakonda madzi oyera ndi osazama.

Tsoka lake, ubwenziwu suchedwa kutha. Madzi akatentha kuposa masiku onse ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali imatulutsa ndere zija nkusanduka yoyera mbee. Kutenthako kukapitirira imafa ndi njala, ndipo nsomba zimene zimabisala ndi kuswana m'nthambi zake zimasowa mtengo wogwira, asodzi nawonso nkumabwerera chimanjamanja. Zoterezi zidachitika kwambiri m'nyanja ya Indian mu 1998, ndiponso ku Great Barrier Reef ya ku Australia mu 2016 ndi 2017. Acropora ndi imodzi mwa imene imayamba kufa.

Ku Caribbean mliri wotchedwa white band udapha cervicornis ndi palmata zochuluka m'zaka za m'ma 1980, kotero mu 2006 boma la America lidaziika pa mndandanda wa zolengedwa zimene zili pangozi yakutha. Ku Florida akatswiri amathyola tinthambi, kutilera pa nazale ya pansi pa madzi, kenaka nkukatiokera pa matanthwe amene adafa.