Kupenta ndi Kuumba Tizidole ta Tinjerwa m'Phunziro la Zaluso

Mawu Oyamba

Mwana sakhutira ndi choseweretsa chimene wachilandira chothaitha. Akaumba ng'ombe yadongo amaiikira linunda ndi nyanga monga afunira mwini wake, ndipo akapanga galimoto lawaya salisiya kufikira atalimangira chiwongolero. Mtima womwewo ndiwo uchititsa ana ndi akulu m'maiko ambiri kutenga tizidole tapulasitiki timene tibwera pamodzi ndi tinjerwa tomangira, nkutipenta ndi kutiumbira zipewa, tsitsi ndi zida kuti tisanduke anthu amene iwo akuwafuna. M'nkhani ino tiona chiyambi cha tizidoleti, m'mene ntchitoyi ichitikira, ndiponso njira imene inu aphunzitsi a mawa mungaiphunzitsire ngakhale pa sukulu yopanda ndalama.

Mbiri Yake Mwachidule

Tizidole todziwika koposa ndi ta kampani ya LEGO ya ku Billund m'dziko la Denmark. Kampaniyi inayambidwa m'chaka cha 1932 ndi mmisiri wa matabwa, Ole Kirk Christiansen, amene poyamba ankasema zidole zamitengo. Njerwa yolumikizana imene tiidziwa lero inalembetsedwa mwalamulo mu 1958, ndipo kuyambira 1963 ipangidwa ndi pulasitiki wolimba wotchedwa ABS. Kachidole kokhala ndi manja ndi miyendo yoyenda kanatuluka mu 1978, ndipo amene anatsogolera ntchito yokakonza anali Jens Nygaard Knudsen. Msinkhu wake ndi masentimita 4 kapena kupereŵera pang'ono. Kali ndi zigawo zisanu ndi zinayi: mutu, chifuwa, mikono iwiri, zikhatho ziwiri, chiuno ndi miyendo iwiri.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi tizidole tonse tinali ndi nkhope imodzi, yachikasu, ya maso awiri ndi kumwetulira. Nkhope zosiyanasiyana, za ndevu ndi zina, zinayamba mu 1989, ndipo khungu lofanana ndi la anthu enieni linaoneka mu 2003 pa tizidole ta oseŵera mpira wa basketball a ku America. Ngakhale zili tero, palibe fakitale imene ingapange munthu aliyense amene mwana amuganiza. Mpata umenewu ndiwo utsekedwa ndi wopenta ndi woumba.

Cholinga cha Phunziro

Potsiriza pa phunziroli mwana athe (a) kujambula papepala chimene afuna kupanga asanagwire chida. (B) kuumba kanthu kakang'ono molingana ndi muyeso. (C) kupaka utoto mwaukhondo ndi modekha. (D) kufotokozera anzake za ntchito yake. Phunziroli liyenera ana a Sitandade 6 kufikira 8. Tizigawoti ndi tating'ono kwambiri ndipo tingatsamwitse mwana wosakwana zaka zitatu. Chotero uzani ana kuti asatisiye pamene ang'ono awo akuseŵera.

Kukonza Kachidole

Ntchito yambiri iwonongeka utoto usanatsegulidwe nkomwe. Pulasitiki wa ABS ndi woterera, ndipo mafuta a m'manja mwathu amkuta kotero kuti utoto sugwira. Nchifukwa chake kachidole kaphwasulidwe, katsukidwe ndi sopo m'madzi ofunda, kaume, kenaka kapalidwe pang'ono ndi sandipepala wosalala kuti kunyezimira kuchoke. Musachotse zojambula zakale ndi acetone, amene apezeka m'mankhwala ambiri ochotsera utoto wa m'zikhadabo, pakuti asungunula pulasitikiyu. Kumbukiraninso kuti kachidole kopalidwa sikabwerera mwakale. Mwana asapale ka mnzake popanda chilolezo, ndipo tosoŵa takalekale tisakhudzidwe konse, popeza osunga zinthu zotere satifunanso tikapentedwa.

Kuumba

Kuumba kutsogole, kupenta kutsatire. Amisiri a ntchitoyi agwiritsa ntchito phala louma lokha lotchedwa epoxy putty, monga Milliput wa ku Wales. Libwera m'timiyala tiwiri tofeŵa. Mutapa mofanana mbali zonse ziwiri nkukanya kufikira mtundu ukhale umodzi. Likhala lofeŵa pafupifupi ola limodzi, ndipo pakapita maola angapo liuma gwa. Nyoŵetsani zala ndi zida kuti lisamatirire. Kamtengo kosongoka kakwanira kulemba mizere ya tsitsi ndi makwinya a nsalu. Popeza phalali lingayabwe khungu, mphunzitsi akanye yekha, ndipo ana asambe m'manja akatha.

Lilipo dongo lina lapulasitiki, monga Fimo, limene liuma pokhapokha litaotchedwa pa madigiri 110. Koma ABS ayamba kufeŵa pa madigiri pafupifupi 105. Tsono chipewa choumbidwa ndi dongo lotere chivulidwe pamutu pa kachidole chisanaloŵe mu uvuni.

Langizani ana kuti asamate malo opindika, ndiwo m'mapewa, m'chiuno ndi m'khosi. Kachidole kamene sikathanso kukhala pansi kapena kugwira khasu kataya chimene chinakapanga kukhala choseŵeretsa.

Kupenta

Utoto woyenera ndi wa acrylic, umene usungunulidwa ndi madzi ndipo uuma msanga. Poyamba pakani utoto wa maziko, woyera kapena wotuŵa, kuti mitundu yotsatira ipeze pogwira. Pambuyo pake sungunulani utoto kufikira ukhale ngati mkaka, ndipo pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti uume musanabwereze. Mwana wothamanga afuna kutsiriza kamodzi nkamodzi ndi utoto wokhuthala. Zotsatira zake ndi mabampu, ndipo mizere yonse imene anavutika kuumba ikwiririka. Apa ndi pamene mphunzitsi akumbutse kalasi kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi mitundu yoŵala, yoderayo ibwere pambuyo, pakuti chakuda chiphimba choyera mosavuta koma choyera chivutika kuphimba chakuda. Maso alembedwe ndi nsonga ya kamtengo, osati burashi. Zonse zikauma usiku wathunthu, pakani vanishi woonekera kuti utoto usasupuke poseŵera.

Pamene Zipangizo Palibe

Ambiri a inu mudzatumizidwa ku sukulu kumene kachidole ka ku Billund sikanaonekepo. Kodi phunziroli lifere pomwepo? Iyayi. Chimene tiphunzitsa si pulasitiki ayi, koma kuganiza, kuyesa ndi kudekha. Dongo la kudambo, losankhidwa timiyala ndi kukanyidwa bwino, liumba kachidole ka zigawo zitatu: mutu, chifuwa ndi miyendo, zolumikizidwa ndi kamtengo ka nsungwi. Liumitsidwe pamthunzi, chifukwa dzuŵa liuphwetsa kunja msanga m'kati mukali monyoŵa, ndipo ling'aluka. Katondo apereka chofiira, makala osinja apereka chakuda, laimu kapena choko apereka choyera. Kuthirako guluu pang'ono kuthandiza kuti mitunduyi isayoyoke. Nthenga ya nkhuku isanduka burashi. Tizidole tiŵiri kapena titatu topezeka pa kaunjika tikwanira kukhala chitsanzo cha kalasi lonse.

Kaphunzitsidwe

Gaŵani ntchitoyi m'masiku atatu. Tsiku loyamba ana akhale m'magulu a anthu asanu, ndipo gulu lililonse lisankhe malo amodzi: msika, chipatala, doko la asodzi kapena munda. Mwana aliyense ajambule munthu mmodzi wa pamalopo, kumaso ndi kumbuyo, nalembe mitundu imene adzapake. Tsiku lachiŵiri aumbe. Tsiku lachitatu apente, ndipo gulu lionetse ntchito yake.

Musaphonye masamu amene abisala m'ntchitoyi. Ngati munthu wa masentimita 160 aimiridwa ndi kachidole ka masentimita 4, ndiye kuti sentimita imodzi iimira masentimita 40. Tsono mpini wa khasu wa masentimita 80 udzakhala wautali bwanji? Mwana amene wapeza yekha kuti ndi masentimita 2, nauumba, sadzaiŵala msanga tanthauzo la muyeso. Afunseninso ngati mutu wa kachidole ulingana ndi thupi monga zikhalira pa munthu. Adzaona kuti ndi waukulu mopitirira.

Chiyeso chachikulu kwa mphunzitsi watsopano ndi kulanda burashi m'manja mwa mwana ndi kumkonzera diso lopendekeka, makamaka pamene woyendera sukulu ali pafupi kufika. Kanizani chiyeso chimenechi. Onetsani njira pa kachidole kanu, koma ka mwana kasiyeni. Mukakakonza, shelefu idzakongola, koma mwanayo adzaphunzira kuti manja ake ndi osakhoza, ndipo phunziro lotere lichedwa kufufutika. Popereka malikisi onani zinthu zitatu: ngati chopangidwacho chitsata chojambula, ngati muyeso wasungidwa, ndiponso ngati mwana atha kunena chimene angachite mosiyana ulendo wina.

Zoti Muchite

1. Fotokozani chifukwa chake kuumba kuyenera kutsogola kupenta.
2. Umbani kachidole kadongo ka masentimita 4 pamodzi ndi chida chimodzi, ndipo lembani masamu amene mwapezera muyeso wa chidacho.
3. Konzani chikonzekero cha phunziro la tsiku loyamba cha kalasi la ana 80, kusonyeza m'mene mudzagaŵira zipangizo ndi nthaŵi.