Phunziro: Wopeza zochepa angapeze bwanji nyumba?

Ophunzira, lero tikambirana za nyumba. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a mu 2004, pa ndime 91, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'nyumba yoyenera. Nanga mlimi wa kachewere ku Tsangano, kapena wa fodya ku Furancungo, amene ndalama amaigwira pa nthawi yokolola yokha, ufuluwu angaudyerere bwanji?

Tiyambe ndi bungwe la boma la Fundo para o Fomento de Habitação, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995. Limamanga nyumba ndi kudula mapuloti, n'kumagulitsa pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Wopempha amafunika chiphaso cha BI, nambala ya msonkho ya NUIT, ndi umboni wa ndalama zimene amalandira mwezi ndi mwezi. Mphunzitsi kapena namwino angaupereke umboniwo. Mlimi sangathe, ngakhale nkhokwe zake zitadzaza. Ine ndimaona kuti muyeso umenewu umasiya kunja anthu omwe akusowadi pokhala.

Za lendi n'zachidule. Mu 1976 boma la Samora Machel linatenga nyumba zalendi n'kuziika m'manja mwa bungwe la boma la APIE, anthu n'kumalipira zochepa, koma zinali za m'matauni, ndipo zambiri zinagulitsidwa kwa okhalamo. Lero wochita lendi amangomvana ndi mwini nyumba. Thandizo lapafupi ndi la bungwe la boma la INAS, lomwe limapatsa ndalama mabanja osauka amene ali ndi okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, olumala, kapena odwala matenda a mgonagona. Mu 2018 ndalamayi inali 540 metikali pamwezi kwa wokhala yekha. Si ya lendi, koma ingagule udzu kapena misomali. Popanda BI kulembedwa ku INAS kumavuta, choncho perekezani agogo anu akatenge chiphaso.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene pali mphamvu ya wosauka. Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma. Sigulitsidwa ndipo siikidwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Ufuluwu umapezeka m'njira zitatu: kukhala pamalo mwa mwambo wa makolo, kukhalapo mopanda chinyengo kwa zaka zosachepera 10, kapena kupempha ku boma. Njira ziwiri zoyambazo sizilira pepala kuti ufulu ukhalepo. Anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, atha kuima ngati mboni, ndipo mawu awo apakamwa lamulo limawalandira. Malo a nyumba yogonamo mwini wake alibe malire a zaka, ndipo amasiyiridwa ana, aakazi ndi aamuna mofanana. Mayi wamasiye akauzidwa ndi achibale a mwamuna kuti achoke chifukwa alibe chikalata, adziwe kuti kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufulu wake.

Komabe pepala limathandiza pakabuka mkangano wa malire, n'chifukwa chake mu 2015 boma linayambitsa ndondomeko ya Terra Segura kuti lilembe malo a anthu. Musanaumbe njerwa, itanani a nyakwawa ndi oyandikana nawo, muyende m'malire onse masana, kenako mukalembetse ku boma.

Ntchito ya kunyumba: mukafunse makolo kuti malo amene mukukhalawo anawapeza mwa njira iti mwa zitatuzi, ndi mboni zimene zikali moyo. Mulembe m'kope, tidzawerenga Lolemba.