Kusankha Mitengo ya Pakhomo M'mbali mwa Nyanja ku Lago

Amene akufuna mtengo pabwalo pake ku Metangula, Messumba kapena Cóbuè ayambe wayang'ana nthaka yake asanapite kukafuna mbande. Kunyanja kuno n'kotentha, nthaka ndi yamchenga kapena miyala, ndipo mvula ikaleka mu Epulo imabweranso cha mu Novembala kapena Disembala. Choyamba, tsono, yendani m'mudzi muone mitengo imene yakula yokha panthaka yofanana ndi yanu. Mlambe, bwemba, nsangu ndi mkuyu zikuonetsa kale kuti zimapirira kuno. Msuku umakonda nkhalango za kumtunda monga za ku Maniamba.

Chachiwiri, mtengo uliwonse muupatse ntchito ndi malo ake. Pokhalira anthu masana pamafunika msikidzi, chifukwa suyoyola masamba m'chilimwe ndipo mthunzi wake ndi wozizira. Bwemba muike chakumwera kwa nyumba kuti akakula azitchinga mphepo ya mwera, uku akupatsa zipatso. Nsangu ndi wa m'malire mwa munda wa kuseri: umagwetsa masamba nthawi ya dzinja, choncho sulanda mbewu dzuwa, masambawo amasanduka manyowa, ndipo mbuzi zimadya zipatso zake. Mbawa imafuna chinyontho, ndiye ipite kufupi ndi khwawa. Mkuyu usayandikire khoma, chitsime kapena chimbudzi, pakuti mizu yake imang'amba maziko. Mvunguti usakhale posewerera ana, zipatso zake n'zolemera. Mtengo waukulu uliwonse utalikirane ndi nyumba mamita osachepera 10, ndiponso usaphimbe thandala loyanikapo usipa.

Chachitatu ndi mbewu. Ya msikidzi siichedwa kufa, choncho ifeseni ikadali yatsopano mutaichotsa kachikopa kofiira. Ya nsangu ndi yolimba khungu: ipaleni pang'ono pamwala, muiviike m'madzi usiku umodzi. Mbande ya nsangu isakhalitse m'chubu chifukwa muzu wake umathamangira pansi. Chachinayi, kumbiranitu dzenje la masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana, ndipo muwoke mvula ikakhazikika. Chomaliza, mangani kampanda ka bango kapena minga, lambulani udzu kuopa moto wolusa, ndipo muzithirira m'chilimwe choyamba.

Ena adzati mitengo yachilengedwe imachedwa, pamene bulugamu amapereka milimo ndi nkhuni zowambira nsomba m'zaka zochepa. N'zoona, ndipo wofuna milimo akhoza kukhala ndi kamunda ka bulugamu kutali ndi nyumba. Koma pabwalo bulugamu amaumitsa nthaka, pansi pake sipamera ndiwo, ndipo mbande zake chiswe chimazikonda. Ndiponso si yonse yathu imene imachedwa: mthethe umakula msanga n'kupereka nkhuni, motero mukhoza kuubzala pamodzi ndi bwemba, n'kuudula bwembayo atatenga malo. Enanso adzati kuthengo mitengo ilipo kale. Ilipodi, koma nkhwangwa ikuithamangitsira kumapiri, ndipo phiri likayera, mvula imakokolola dothi n'kukwirira malo oswerana nsomba m'nyanja imene boma la Mozambique linaiika m'gulu la malo otetezedwa mu 2011. Choncho chaka chino yambani ndi mitengo itatu yokha, wa mthunzi, wa zipatso ndi wa nkhuni, kuti muthe kuisamalira yonse.